NDINATSALA PANG'ONO KUGULITSA MLENDO WANGA

Umboni wa lerowu si wa machiritso ayi. Ndi wondichititsa manyazi ine mwini, ndipo ndakhala ndikuubisa kuyambira 2024. Amayi busa ndi amene andikakamiza kuti ndiulembe. Ndi wautali, pezani pokhala.

Mu Januwale chaka chimenecho, mvula ili pachimake, m'bale wathu wina amene amagwira ntchito ya ulonda pa loji ina ku Area 3 anabwera kutchalitchi ndi alendo: bambo, mayi ndi ana awiri, ochokera ku Peru, ku South America uko. Bamboyo anabwera kudzagwira ntchito ya zamadzi ku bungwe lina la ku City Centre, kontrakiti ya zaka zitatu. Kwawo amayankhula Chisipanishi. Chingerezi chawo chinali chothyokathyoka kuposa changa cha Fomu 4, Chichewa ndiye osayamba n'komwe. Aliyense ankamuitana kuti "hermano", ndiye kuti m'bale, mpaka ifenso tinangowapatsa dzina lomwelo, a Hermano.

Anali atatha masabata asanu pa loji, anthu anayi chipinda chimodzi, kulipira usiku uliwonse. Mapemphero atatha anandigwira dzanja n'kunena mawu awiri okha: "Pastor, house." Ndinavomera. Ndinakhala maso awo, pakamwa pawo ndi makutu awo.

Inu amene simunafunepo nyumba mu Lilongwe muno, mvetserani. Mzindawu unamangidwa momwazikana pamene likulu linkasamuka ku Zomba mu 1975. Old Town ili kwake, City Centre ndi Capital Hill zili kwake, pakati pali mitengo. Manambala a ma Area sayenda mwa ndondomeko. Area 43 yagundana ndi Area 10, ndiye mlendo akamva 43 amayesa kuti ndi kutali kwambiri, chonsecho ndi pakhomo pa ntchito. A Hermano ankafunsa dzina la msewu ndi nambala ya nyumba kuti alembe pa foni. Ine kuseka. Kuno timati mukadutsa filing'i, mukhote pa mtengo wa mango, geti lachitatu lakuda.

Ndiye pali ma ejenti. Nyumba zambiri zabwino sizilembedwa pena paliponse, zili m'mutu ndi m'foni za anyamata amenewa. Usanaone n'komwe khomo, ulipire kaye ya kuonera. Tinayamba ku Area 10 ndi Area 12, kumene kumakhala akazembe ndi mabwana a mabungwe. Mipanda italiitali, waya wa magetsi pamwamba, kapinga ngati bwalo la mpira. Mitengo yake yonse ankaitchula mu madola, ndipo ankafuna miyezi itatu, ena isanu ndi umodzi, kulipiriratu. Kumbukirani kuti mu Novembala 2023 kwacha inali itangogwa ndi 44 peresenti, dola imodzi kufika pafupifupi K1,700. Aliyense wa nyumba ankafuna mlendo wa madola. Ndalama ya nyumba imene bungwe linkawapatsa a Hermano siinkafika kumeneko.

Ku Area 9 tinapeza ina yooneka bwino, penti yatsopano. Mwayi wake tinapita mvula ikugwa, ndiye tinaona tokha siling'i ikudontha pabalaza. Ina ku Area 3 inali ndi bilu ya madzi ya miyezi yambiri imene wotulukayo anasiya, ejenti n'kumati mudzangolipira inu, tidzachotsera. Apa ndinawagwirira ntchito mokhulupirika, sindinama. Ndinkatsegula mpopi uliwonse, kufunsa alonda a nyumba yoyandikana ngati madzi amatuluka mu Okutobala, kuyang'ana ngati pali thanki, kuona ngati mita ya magetsi ndi ya mayunitsi, kufunsa kuti mlonda amulipira ndani. Mlonda wa pafupi amakuuza zoona zambiri kuposa ejenti, zimenezo muzisunge.

Sabata yachitatu tinafika ku Area 47. Zipinda zitatu, mpanda, thanki ya madzi, boyizikota kuseri, mtengo wa mapeyala pabwalo. Mayi aja atangolowa kukhitchini anayamba kulira. Ana kuthamangathamanga pa kapinga. Ejenti anati madola 1,200 pamwezi, miyezi itatu pamodzi. Inali yokwera kuposa bajeti yawo, koma a Hermano anawerenga pa foni n'kunena kuti adzawonjezera za m'thumba, bola ana atuluke mu loji.

Tili m'galimoto pobwerera, ejenti uja anatembenukira kwa ine n'kuyamba Chichewa, nkhope ili gwa ngati akukamba za mvula. "Abusa, tisabisane. Amayi eni nyumba akufuna K1,200,000 basi. Mzunguyu akalipira mu madola, zapamwambazo ndi zathu. Inu yanu K300,000 ikangolowa. Mungowauza kuti asavutike kukumana ndi alandilodi, zonse zidutsira kwa ine."

Werengani nokha. Madola 1,200 nthawi imeneyo anali kupitirira K2,000,000. Mwezi uliwonse K800,000 ndi kanthu kupita m'thumba la munthu amene sanaike njerwa ngakhale imodzi.

A Hermano anandiyang'ana n'kufunsa kuti akuti chiyani. Abale anga, apa ndi pamene pali umboni wanga. Ine m'busa wanu, amene ndimakusanjikani manja, ndinayankha kuti, "Akuti nyumbayo ndi yabwino kwambiri."

Sindinavomere ndalamayo, koma sindinakanenso. Ndinangoti tiyankhulana. Madzulo ake foni inalira, K50,000 yalowa, uthenga wake "ya mafuta abusa". Sindinabweze. Mukudziwa inu a mumpingo mmene denga la tchalitchi chathu linalili chaka chimenecho, mabeseni atatu kutsogolo kwa guwa. Mutu wanga unayamba kulalikira ulaliki wake: si Mulungu amene watsegula khomo ameneyu? Azungu ndalama ali nazo. Sindikuba ine, akupereka yekha. Ndiponso ndalamayo ikupita ku malata a nyumba ya Mulungu. Satana mavesi amawadziwa, ndikukuuzani, ndipo akafuna kukugwetsa sabwera ndi mowa, amabwera ndi kotesheni ya malata.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Chimene chinandibwerera si vesi poyamba, koma Joni. Mu 2008 ndinali ku Johannesburg, mnyamata wopanda mapepala okwanira, chaka chomwe anthu obwera ankathamangitsidwa kuyambira ku Alexandra. Ndinkafuna kachipinda ka kuseri ku Rosettenville. Amene anandithandiza anali Mmalawi mnzanga, wa chigawo chathu chomwe, woyankhula Chizulu bwinobwino. Ankayankhula ndi mwini nyumba ine nditaima pambali ngati mbuzi ya pamsika, kenako n'kunditanthauzira. Ndinampatsa dipoziti ndi lendi ya mwezi, ndalama ya masabata asanu ndi limodzi otsuka magalimoto. Tsiku lolowa ndinapeza m'chipindamo muli kale munthu, mnzanga uja foni yazima. Ndinagona masiku anayi mu garaja ya tchalitchi china. Chimene chinkandiwawa si ndalama, koma kuti ndinkamwetulira pamene ankandigulitsa, chifukwa sindinkamva.

Ndipo masana amenewo a Hermano anamwetulira m'galimoto muja.

Kenako ndi pamene ndinakumbukira Gehazi, pa 2 Mafumu 5. Ndailalikira nkhani imeneyi kangapo, koma ndinali ndisanaonepo kuti Namani anali mlendo, munthu wa dziko lina, wachuma, wobwera kudzafuna thandizo kwa munthu wa Mulungu. Gehazi nayenso anaganiza kuti mlendo wolemera sangamve kuwawa. Ndinawadzutsa amayi busa 2 koloko usiku n'kuwauza zonse. Sanandinyoze. Anangofunsa kuti, "Ndiye Lamulungu mudya nawo mgonero wa Ambuye bambo amenewa?" N'kutembenuka kugona.

Kutacha ndinabweza K50,000 ija, ndi ya kutumizira ndinalipira ndekha. Ejenti anandiimbira, mawu amene ananena sindingawalembe pano. Anati abusa a masiku ano ndinu oipa kuposa ife, mukufuna mudye nokha. Sindimuweruza kwambiri mnyamata ameneyu. Amayenda wapansi tsiku lonse, ali ndi ana, ndipo komishoni yake yoyenera ndi ntchito ngati ina iliyonse. Koma ija siinali komishoni.

Ndinabwerera ku Area 47 pa kabaza, ndekha. Mlonda wa geti loyandikana anandilozera kumene eni nyumba amakhala, kwa mwana wawo ku Area 18. Ndinapeza mayi wachikulire, wamasiye, nyumbayo anamanga ndi malemu amuna awo ndi ndalama ya penshoni. Za madola sankazidziwa n'komwe. Anagwira pakamwa. "Abusa, ine ndimangofuna munthu wosamala nyumba, wolipira pa nthawi yake."

Chovuta chinali chotsatira. Ndikanatha kungopita kwa a Hermano ngati ngwazi, kuti ndakupezerani mtengo wotsika, aleluya. Mzimu anandikaniza. Tinakhala pa khonde la loji, foni pakati pathu ikutanthauzira Chingerezi kupita ku Chisipanishi, ndipo ndinawauza zimene ejenti ananena m'galimoto, zimene ine ndinayankha, ndi za K50,000. Anawerenga pa foni kawiri. Sanakalipe. Anangoti, "You, pastor?" Bola akanandimenya mbama.

Mgwirizano tinasainira pa tebulo la amayi aja, eni nyumba ndi wobwereka maso ndi maso, mwana wawo ndi ine mboni. Lendi mu kwacha, yolembedwa m'manambala ndi m'mawu, tsiku lokambirananso mtengo, dipoziti ndi mmene idzabwezedwere, manambala a mita ya madzi tsiku lolowa, zithunzi za chipinda chilichonse. Ejenti analandira komishoni yake kwa eni nyumba monga anapanganirana poyamba. Nthawi imeneyi a Hermano anabwera ndi mnzawo wa kuntchito womva Chichewa. Anakhala pakati pa ine ndi iwo. Ndinamvetsa, ngakhale zinandilasa.

Kutchalitchi sanasiye kubwera, koma mayi aja anatha miyezi iwiri akungondipatsa moni wa patali. Mu Epulo ndi pamene anatiitana kunyumba kuja kukadya. Anatipatsa chakudya cha kwawo chotchedwa ceviche, nsomba yosaphika pamoto, yongoviika mu madzi a mandimu ndi anyezi ndi tsabola. Anapangira chambo. Abale, chambo chachiwisi! Amayi busa anandiponda phazi pansi pa tebulo kuti ndisayankhule. Ndinadya mbale yonse, a Hermano akundiyang'ana n'kumaseka mpaka misozi, n'kundiwonjezera ina.

Denga la tchalitchi tinadzafolera mu Seputembala, ndi zopereka zanu za ma K2,000 ndi ma K5,000. Mvula yonse ya chaka chimenecho tinapemphera ndi mabeseni atatu aja, ndipo amene ankakhuthula lapakati likadzaza anali a Hermano.