Kalata Yochokera ku Liverpool: Za Maphunziro a Kafukufuku wa Zamoyo

Kwa makolo, aphunzitsi ndi ophunzira kumudzi,

Maphunziro a PhD, yomwe ndi digiri ya kafukufuku imene munthu amachita atamaliza digiri yoyamba ndiponso kawirikawiri ya masitazi, kuno ku Britain amatenga zaka 3 kapena 4, ndipo pa nthawi yonseyo wophunzira sakhala m'kalasi kumvera mphunzitsi, koma amagwira funso limodzi limene palibe analiyankhapo. Pa sayansi ya zamoyo funsolo limakhala laling'ono modabwitsa, monga chifukwa chimene udzudzu wa mtundu wa Anopheles funestus, umene umafalitsa malungo ku Chikwawa, sukufanso ndi mankhwala a pyrethroid opakidwa m'maneti. Wofufuza amaweta udzudzuwo m'chipinda chofunda ndi chachinyontho, amauika kwa ola limodzi m'timachubu tokhala ndi pepala la mankhwala, ndipo pakatha maola 24 amawerenga wakufa ndi wamoyo. Wopulumukawo amaupera kuti atulutsemo DNA, yomwe ndi malangizo a chibadwa osungidwa m'maselo a chamoyo chilichonse. Ntchito imeneyi amaibwereza kwa miyezi, ndipo masiku ochuluka sichituluka chilichonse.

Pamapeto wophunzira amalemba buku la zimene wapeza, kenako amakhala pamaso pa akatswiri awiri, mmodzi wochokera ku yunivesite ina, amene amamufunsa mafunso kwa maola angapo. Wolemba kalatayi akuona kuti makolo ambiri amafunsa dzina la yunivesite pomwe chofunika kufunsa ndi khalidwe la womuyang'anira mwanayo, chifukwa munthu ameneyu ndiye amapeza ndalama zogulira zipangizo, amawerenga zolemba, ndiponso amamutchula wophunzirayo kwa anzake pakapezeka mwayi. Woyang'anira wotchuka koma wosapezeka amasiya wophunzira ngati mwana wamasiye m'labotale yodzaza makina. Za ndalama, thandizo la Commonwealth Scholarship limalipirira ena, pomwe Beit Trust imathandiza a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe pa masitazi, koma ofuna ndi ochuluka kuposa malo.

Chimene sichikambidwa mokwanira ndi zimene zimadza digiri itapezeka. Wofuna kukhala mphunzitsi wa payunivesite amayamba wagwira ntchito yotchedwa postdoc, yomwe ndi kafukufuku wa pakontilakiti ya zaka 2 kapena 3 pansi pa katswiri wina, ndipo ikatha amasakanso ina, mwina mumzinda wina, banja lili pamsana. Malo okhazikika ndi ochepa, choncho ambiri amalowa m'makampani opanga mankhwala, m'mabungwe a zaumoyo kapena m'ntchito yokonza zolemba za sayansi, ndipo zimenezi si kulephera ayi, ngakhale ena a m'mayunivesite amazinena moteromo. Womaliza PhD amaloledwa kukhalabe ku Britain zaka 3 akufuna ntchito, ndipo m'zaka zimenezi ndi mmene nkhani yobwerera kwawo imayamba kuzilala.

Komatu zina mwa zamoyo zimene zikufufuzidwa kunozi ndi zakumudzi. Mbuna ndi utaka za m'nyanja ya Malawi zawerengedwa DNA yake ku Wellcome Sanger Institute pafupi ndi Cambridge, ndipo Liverpool School of Tropical Medicine, yomwe inakhazikitsidwa mu 1898, imagwira ntchito ndi bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre, lomwe linayamba mu 1995. Kwa nthawi yaitali Amalawi ankatolera magazi, nsomba ndi udzudzu, ena n'kumasanthula ndi kulemba, ndipo wosanthulayo ndiye amakhala mwini nkhani. N'chifukwa chake wophunzira woganiza zobwerera ku yunivesite ya KUHeS, ya LUANAR kapena kumalo a kafukufuku a Chitedze achita bwino kuphunzira bioinformatics, kutanthauza kusanthula DNA pogwiritsa ntchito kompyuta, popeza luso limeneli silidalira makina odula kapena mankhwala ochedwa m'njira, koma kompyuta, intaneti ndi magetsi odalirika.