Njinga ya Pabedi ndi Msewu wa ku Likhubula

Munthu akagona sabata imodzi m'chipinda cha odwala mwakayakaya, makina akumupumira, thupi limayamba kudzidya lokha. Madokotala a ku London motsogozedwa ndi Zudin Puthucheary anayeza mnofu wa pantchafu wa odwala otere, ndipo mu 2013 analengeza kuti pofika tsiku la 10 unali utafota ndi pafupifupi 18 peresenti. Wodwala amapulumuka chibayo chimene chinamubweretsa, koma akadzuka supuni imamulemera, miyendo ili ngati mapesi. Ntchito yanga kuno ku Manchester ndi yolimbana ndi zimenezi. Ndine wa mafizo, ndipo ambiri mwa anthu amene ndimawadzutsa amakhala adakali ndi chubu pakhosi ndi madiripi m'mikono.

Kale anthu otere ankangowagonetsa ndi mankhwala mpaka achire. Mu 2009 William Schweickert ndi anzake, ku Chicago ndi ku Iowa, anayesa njira ina pa odwala 104: kuchepetsa mankhwala ogonetsa tsiku lililonse n'kuyambitsa mafizo msanga. Mwa amene anayamba msanga, 59 peresenti anatuluka m'chipatala akutha kuyenda ndi kudzisamalira okha, pamene mwa enawo anali 35 peresenti. Zipatala zambiri zinasintha kachitidwe. Koma mu 2022 kafukufuku wamkulu wotchedwa TEAM, wa odwala 750, motsogozedwa ndi Carol Hodgson wa ku Australia, anapeza kuti kuwakankha kwambiri sikunawonjezere masiku okhala kunyumba, ndipo ngozi monga kutsika kwa BP ndi kwa okosijeni zinachuluka. Ine ndimatolapo ichi: wodwala ayende ndithu, koma pa mlingo wake, ndipo afune yekha.

Kufunako ndiye kovuta. Munthu wangotsitsimuka, sakudziwa ngati ndi usiku kapena usana, makina akungolira, denga loyera mbee. Ena amabwebweta, kuona anthu amene kulibe, ena kuganiza kuti anamwino akuwapangira chiwembu. Ndiye ufike iwe mlendo, uti kwezani mkono kakhumi. Akwezerenji?

Apa ndi pamene magalasi a VR analowera m'ntchito yathu. Ndi chipangizo chimene timamuveka wodwala kumaso, ndipo akatembenuza mutu amaona dziko lina mbali zonse. Nzeruyi si yatsopano: ku Seattle, Hunter Hoffman anapanga SnowWorld, dziko la chipale chofewa, kuti anthu opsa ndi moto asamve ululu kwambiri powatsuka mabala. Ife timagwiritsa ntchito pokoka thupi kuti ligwedezeke. Chipatso chikulendewera patsogolo pake, wodwala amatambasula mkono kuti athyole, ndipo mkono umene unakana kukwera kakhumi umakwera osawerenga. Palinso njinga ya pabedi: timamanga mapazi ake pa mapedulo ali chigonere, akapalasa msewu umayenda, akaleka msewu umaima. Maso anga amakhala pa monita nthawi yonseyo. Amene akubwebweta sitimuveka, ena zimawachititsa chizungulire ndi nseru, ndipo chipangizocho timachipukuta ndi mankhwala tisanapatse wina. Kafukufuku amene wachitika pa zimenezi ngwa anthu ochepa, ndipo wangosonyeza kuti n'zotheka komanso odwala amazikonda. Kunena kuti amachira msanga chifukwa cha magalasi kungakhale kuthamanga pakamwa.

Chimene ndaona ndi maso anga n'chakuti agogo a kuno safuna magombe a mayiko otentha amene opanga anaikamo. Amafunsa za Blackpool, kumene makolo awo ankawatengera ali ana, kapena mapiri a ku Lake District. Ukawapezera malo amene akuwadziwa, mapazi amayamba kuzungulira, ndipo amene ali ndi chubu pakhosi amaloza ndi chala kuti ndione nawo. Munthu amapalasa kupita kwawo.

M'mawa uliwonse ndimayamba ndavala ndekha magalasiwo kuti ndione ngati zonse zili bwino, ndipo ndimayendamo m'ndandanda wa malo. Nkhalango za paini, nyanja zozizira, misewu ya miyala ya m'mizinda yakale. Mulanje mulibe. Ndikanakhala ine pabedi paja, ndikanapempha msewu wochoka pa Chitakale kupita ku Likhubula m'mawa wa mwezi wa Meyi, fumbi lisanayambe. Phiri lili kudzanja lamanja, thanthwe la Chambe litaima njo, minda ya tiyi ili biriwiri, otchola tiyi madengu kumsana. Amayi akutsika m'phiri ndi mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni, akudumphadumpha ndi kulemera kwake. Wakabaza akuimba belu, pambali pa msewu zinanazi zili mulu mulu, wogulitsa akukusendera pomwepo madzi akuyenderera m'zigongono. Ukafika ku Likhubula n'kukwera pang'ono wapansi, umamva mathithi a pa Dziwe la Nkhalamba usanawaone, ndipo madzi ake amaluma mafupa. Ngakhale chiperoni ndimachisowa. Kuno mvula yamawawa imagwa chaka chonse, ndipo mu Disembala mdima umagwa cha m'ma 4 koloko masana, koma mvula imeneyi sinunkhira dothi, ndipo palibe amene amakoleza mbaula n'kuwotcha mbatata chifukwa cha iyo.

Ndikavula magalasiwo, mtima umakhala utatsala kumeneko, ndipo ndimakumbukira mawodi a kwathu. Sindinganame kuti kumudzi zinthu zili bwino. Mabedi a ICU ngowerengeka m'dziko lonse, ndipo anthu amafa amene kuno akanapulumuka. Maphunziro a digiri ya mafizo anayamba mu 2010 ku College of Medicine, imene lero ndi mbali ya KUHeS, ndipo amafizo akadali ochepa. Amene wapuwala ndi sitiroko amaona mwayi akapeza malo ku Kachere ku Blantyre. Koma kwathu kuli gadiyani. Wodwala akangotuluka ku ICU n'kubwerera ku wodi, pamakhala mlongo wake, apongozi, kapena mwana wake, chitenje m'chiuno, wagona pasimenti masabata, akuphika kukhitchini ya magadiyani. Ndiye amene amamutembenuza, kumusambitsa, kumukhazika tsonga. "Tadzukani bambo, phala lizizira. Yedzamirani pa ine, tifike pakhondepo muwothere dzuwa. Chimanga kumunda chayamba ngaiyaye, mukufuna akakolole ndani?" Mawu amenewo amachita ntchito yomweyo imene ine ndimachita ndi chipangizo cha ndalama zambiri: amamuikira munthu patsogolo chinthu choti adzukire.

Kuno achibale amabwera pa maola ake, amakhala pampando mwaulemu, ambiri akuopa ngakhale kumugwira wodwala chifukwa cha mawaya. Mu 2020, Covid-19 itavuta, anawaletseratu kulowa, ndipo tinkagwirizira tabuleti pankhope ya wodwala kuti amve mawu a mkazi wake. Masiku amenewo ndinkalakalaka gadiyani mmodzi yekha wa kwathu, wa mawu okuwa uja, alowe m'wodimo. Lero ndikapeza wachibale wolimba mtima ndimamuphunzitsa kugwira phazi ndi kupinda bondo, ndipo magalasi ndimawaika pambali.

Amalawi amene tinabwera kuno kudzagwira ntchito m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba tikukalamba nafenso. Tikakumana kutchalitchi kapena pamaliro, nkhani ndi za shuga ndi BP. Tsiku lina mmodzi wa ife adzagona pabedi limeneli, ana ali ku ntchito, abale ali kutali ndi viza, ndipo mtsikana wa mafizo adzamuveka magalasi n'kumuonetsa Blackpool. Adzapalasa mwaulemu chabe, kuti asakhumudwitse mwana wa eni.

N'chifukwa chake ndinamuimbira mng'ono wanga pa WhatsApp. Ndamuuza kuti kamera yojambula mbali zonse ndidzatumiza ndi munthu wopita kumudzi. Aimangirire bwino pa njinga, chifukwa chithunzi chogwedezeka chimasanzitsa odwala, ndipo apalase pang'onopang'ono kuchoka pa Chitakale. Anandifunsa ngati asankhe tsiku lopanda anthu ambiri kuti phiri lioneke bwino. Ndinati ayi achimwene, pitani tsiku la msika, ndipo mawu musazimitse. Akatha msewu umenewo, pali mnzanga wa ku Dedza ndi wina wa ku Nkhotakota amene apempha kale misewu yakwawo.