Mafunso Awiri a ku Kafue Estates

Inu amene mukonzekera kukhala aphunzitsi, posacedwa mudzapemphedwa kucita kafukufuku wanu m'kalasi. Musanayambe, ndiloleni ndikuuzeni za colakwa canga.

Nditabwera kucokera ku maphunziro kunja kwa dziko, ndinali ndi njira yanga yophunzitsira kuwerenga Cinyanja, ndipo ndinali kuikhulupirira kwambiri. Ndinapita nayo pa sukulu ina ku Kafue Estates. Kalasi limodzi la Giredi 1 linaphunzira ndi njira yanga, lina linapitiriza monga mwa masiku onse. Pakutha kwa temu, ana a kalasi langa anawerenga bwino koposa anzao. Ndinakondwera, ndipo ndinayamba kulemba lipoti.

Mai wina wacikulire, amene anaphunzitsa pa sukulupo zaka zambiri, anandifunsa mwaulemu: "Bambo, kodi mwayesa njira yanu, kapena mwayesa njala ndi dzuwa?" Poyamba sindinamvetse. Koma kalasi langa linali kulowa m'mawa, ana ali ndi mphamvu, pamene linalo linali kulowa masana, kukutentha, ena asanadye kanthu. Ndiponso ndinali nditapatsa njira yanga kwa mphunzitsi waluso koposa onse, ndipo ine mwini ndinali kumucezera kawirikawiri. Nanga cinathandiza anawo ndi citi: njirayo, nthawi, mphunzitsi, kapena kubwera kwa mlendo? Ndinalibe yankho.

Ili ndilo funso loyamba: kodi kusintha kumene mwaona kwabweradi cifukwa ca cinthu cimene mukuchula? Donald Campbell ndi Julian Stanley, m'zolemba zao za mu 1963, analicha internal validity. Makalasi amene muwayerekeza ayenera kufanana m'zonse, kupatula cinthu cimodzi cokha cimene mukuyesa.

Funso laciwiri, limene iwo analicha external validity, ndi lakuti: kodi zimene mwapeza pano zidzakhalanso zoona kwina? Apa Kafue Estates itiphunzitsa zambiri. Nyumba zake zinamangidwira anthu ogwira nchito m'mafakitale monga Nitrogen Chemicals of Zambia ndi Kafue Textiles, ndipo anthuwo anacokera m'zigawo zonse za dziko. M'kalasi limodzi mupeza mwana wa Mtonga, wa Mlozi, wa Mbemba ndi wa Mnsenga. Onse akamba Cinyanja ca m'tauni. Mwana anena kuti "nifuna manzi", koma buku limulembera kuti "ndifuna madzi". Mwana wa ku Katete kapena ku Chadiza alibe vuto limeneli, pakuti cinenero ca m'buku ndi cimene amamva kwa agogo ake. Cotero ngakhale kafukufuku wanga ukanakhala wopanda cilema, sindikanayenera kunena kuti njirayo ndi yoyenera ana onse ophunzira Cinyanja.

Zimacitikanso mbali inayo. Mu 1998 njira ya Breakthrough to Icibemba inayesedwa ku Kasama, ndipo ana anacita bwino. Koma ku Kasama ana ambiri amayankhula Cibemba panyumba. Pamene njirayo inafalitsidwa m'dziko lonse monga New Breakthrough to Literacy, inafika pa malo ngati Kafue, pamene cinenero ca m'kalasi si ca panyumba kwa ana ambiri. Ine ndiona kuti mfundo imeneyi sitinaisamale mokwanira.

Polemba lipoti lanu, fotokozani bwino za anawo: cinenero ca kwao, nthawi imene amalowa m'kalasi, ndi amene anawaphunzitsa. Langa lija sindinalitumize kulikonse. Temu yotsatira ndinabwerera pa sukulupo, ndipo mai aja anandithandiza kusankha makalasi awiri olowa m'mawa.