Galu wake ndi wanga

Lero mundikhululukire. Nkhani yanga si yonunkhira. Ndikamba za chimbudzi cha galu, ndipo galu wake ndi wanga.

Mu 2019 ndinakacheza kwa mwana wanga wamkazi ku Glasgow. M'mawa wina tikuyenda m'paki, ndinaona bambo wa imvi, wotchena kuposa mmene ine ndimatchenera pa Sabata la Mgonero, ataima kudikira galu wake amene ankadzithandiza pa kapinga. Galu atatha, bambo uja anatulutsa kajumbo m'thumba, nakavala kudzanja, nawerama, natola, namanga, nakaponya m'bini. Ndinaseka mpaka kutsokomola. Ndinafunsa mwana wanga kuti, "Kodi kuno wantchito ndani, galu kapena mwini wake?" Iye sanaseke. Anangondiuza kuti ku Scotland kuli lamulo la mu 2003, ndipo wosiya zonyansa za galu wake pamalo oyenda anthu amalipitsidwa mapaundi 80. Nditabwerako, nkhaniyi ndinaisimba pamaliro, paukwati, ngakhale ku mlaga, monga chitsanzo cha misala ya azungu. Ena a inu munaseka nane, musakane.

Kwathu kuno ku Chilomoni tili ndi Jeki. Mwambo wake mukuudziwa, pakuti ndi wa tonse: masana galu pa unyolo, usiku timam'masula kuti alondere. Mpanda wathu unali ndi pobooka kumunsi, potulukira madzi a mvula. Ndinkadziwa kuti Jeki amadutsira pomwepo. Ndinkaonanso kuti pabwalo panga pamacha poyera tsiku lililonse, koma sindinadzifunse n'kamodzi komwe kuti galu wodya nsima yonse ija amakadzithandiza kuti.

Mwezi watha, Loweruka m'mawa, kunabwera amayi amasiye oyandikana nafe. Si a mpingo wathu. Anakhala pansi, natipatsa moni, kenaka anati: "Pepani abambo, ndabwera ndi kankhani. Zaka zitatu tsopano ndikusesa za galu wanu pakhomo pa khitchini yanga m'mawa uliwonse. Ndinkaopa kunena poti ndinu akulu a mpingo. Koma mdzukulu wanga wayamba kukwawa, ndipo dzulo ndinam'peza atagwira, dzanja likupita kukamwa."

Mukuganiza kuti ndinapepesa? Iai. Ndinati, "Amayi, agalu muno ndi ambiri, mwadziwa bwanji kuti ndi wathu?" Sanatsutse. Ananditengera kuseri, nandionetsa ubweya wofiirira wa Jeki utakodwa pa waya wa pobooka paja. Manyazi a chimbudzi anali ochepa. Chimene chinandilasa ndi mawu aja akuti ankaopa poti ndine mkulu wa mpingo. Udindo umene unayenera kuchititsa kuti khomo langa likhale losavuta kufikapo ndi umene unatseka pakamwa pa mayi wamasiye zaka zitatu, tsache lili m'manja.

Lolemba ndinapita kwa alangizi a ziweto, ndipo zimene ndinamva ndikufuna nanunso muzimve. Agalu ambiri, makamaka tiana, ali ndi njoka za m'mimba zotchedwa Toxocara. Mazira ake amatuluka ndi chimbudzi, koma tsiku loyamba sangadwalitse munthu. Amafuna masabata awiri kapena anayi m'dothi kuti akhwime, ndipo akakhwima amakhala amoyo miyezi yambiri, chimbudzicho chitauma kale n'kusanduka fumbi. Mwana akadya dothi limenelo, tinyongolotsi timayenda m'thupi mpaka kuchiwindi, kumapapo, nthawi zina m'diso, ndipo diso limatha kufa. Ndiye kuti bambo wa ku Glasgow uja, potola nthawi yomweyo, ankachotsa mazira asanakhwime. Palinso njoka zina zolowera pakhungu la mwana woyenda wopanda nsapato, zosiya kanjira kokhotakhota koyabwa kuphazi.

Alangiziwo anandifunsanso za katemera wa chiwewe, ine n'kuyang'ana pansi. Kuyambira 2015 bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu ulere mu Blantyre muno, pofuna kufikira agalu 70 pa 100 alionse, chifukwa pamenepo matendawa amasowa poyenda. Jeki anaphonya zaka ziwiri, mwini wake atatanganidwa ndi misonkhano. Chiwewe chikangoyamba kuonekera mwa munthu sichichizika, ndipo galu woyenda usiku sudziwa analumana ndi chiyani.

Ndaphunzitsa kalasi zaka zambiri, koma mavesi ena ndinkawalumpha ngati osayenera paguwa. Tsegulani Deuteronomo 23, vesi 12 mpaka 14: ankhondo a Israeli analamulidwa kukhala ndi malo kunja kwa msasa, ndi chokumbira chofotsera zonyansa zawo, ndipo chifukwa choperekedwa ndi chiyero cha msasawo. Pa Eksodo 21, vesi 29, mwini ng'ombe yogunda anthu, wochenjezedwa koma osaitsekera, mlandu umagwera iye. Ine ndinachenjezedwa Loweruka lija, ndipo ndinayamba ndi kukana.

Pobooka paja tatseka ndi njerwa, tasiya timipata ta madzi okha. Jeki wabayidwa, wamwa mankhwala a njoka, ndipo kuseri ndakumba dzenje lakelake. Ine ndi mayi a kunyumba tinapita kukapepesa. Amayi aja anatilandira mwaulemu, koma mkeka wa mwana amauyalabe kutsogolo kwa nyumba, ndipo sindiwadzudzula.

Usiku utatu woyamba Jeki analira osagonetsa anthu, mpaka ndinaona kuti ndangosintha mtundu wa mavuto. Tsopano ndimatuluka naye 5 koloko m'mawa, chingwe kudzanja, kajumbo m'thumba la jekete. Anyamata a pa siteji ya minibasi amandiseka ndikawerama, ndipo mmodzi wa iwo ndinam'phunzitsa kalasi ndine.