MSIKA WA LUNDAZI NDI BWALO LAKE LA NDEKE

Munthu wocokera ku Chipata amayenda makilomita pafupifupi 180 kulowera kumpoto kuti afike pa Boma la Lundazi, ndipo malo amene amayamba kumukopa ndiwo msika. Pamenepa pamakumana Atumbuka, Acewa ndi Angoni, aliyense ndi cilankhulo cake, koma pa malonda onse amamvana. Amai amayala nshawa, nyemba ndi mbatata. Mpunga umacokera ku Chama, ndipo alendo a ku Malawi amadzera pa malire a Lusuntha. Katundu yense ameneyu amafika pa njinga, pa ngolo, pa galimoto kapena pamutu.

Komatu Lundazi ali ndi khomo lina limene ambiri a pamsika saliganizira, ndilo bwalo la ndeke. Poliona silicititsa kaso monga nyumba yochuka ija ya Castle Hotel, imene Bwana DC Errol Button anamangitsa ndi njerwa pakati pa 1948 ndi 1952 m'mbali mwa damu. Bwalo ndi mzere cabe wa nthaka yosalazidwa. Koma mbiri ya mabwalo otere ndi yakale kuposa nyumbayo, ndipo anthu a kumudzi ali nayo mbali yaikulu.

Mu 1919 boma la Mangalande linafuna kutsegula njira ya mumlengalenga yocokera ku Cairo kufika ku Cape Town. Ndeke za masiku amenewo sizinali kuuluka mtunda wautali, motero panafunika malo otera ambiri m'njira. Amene anakonza malowa anali makolo athu. Ku Ndola amuna mazanamazana anagwira nchito miyezi ingapo, kugwetsa mitengo ndi nkhwangwa, kuzula zitsa ndi kugumula zulu zikuluzikulu ndi makasu, dothi akulisenza pamutu. Mu 1920 ndeke yochedwa Silver Queen II, yoyendetsedwa ndi Pierre van Ryneveld ndi Quintin Brand a ku South Africa, inadutsa m'dziko muno. Inatera ku Abercorn, kumene lero timati Mbala, ku Ndola, ku Broken Hill, ndiye Kabwe, ndi ku Livingstone. Inakagwa ku Bulawayo, koma amuna awiriwo anapulumuka natsiriza ulendo wao pa ndeke yina.

Pofika 1932 kampani ya Imperial Airways inayamba kunyamula makalata kucokera ku London kupita ku Cape Town, ndipo ndeke zake zinali kuima pa Mpika ndi pa Broken Hill. Mu 1933 panabadwa kampani ya Rhodesia and Nyasaland Airways, ndipo m'zaka zomwezo za m'ma 1930 ndeke zake zinayamba kutera ku Fort Jameson, amene tsopano ndi Chipata. Cigawo ca Kum'mawa cinali kutali zedi ndi likulu. Mlato woyamba wa pa Luangwa unatsegulidwa m'zaka za m'ma 1930, mseu unali wa fumbi, ndipo dzinja likafika magalimoto anali kutitimira m'matope masiku ambiri. N'cifukwa cake maboma a kutali anali kulambula mabwalo ao: makalata, mankhwala ndi akuluakulu a boma zinali kufika msanga.

Nthawi ya atsamunda, Azungu okonda kuuluka anakhazikitsa makalabu ao m'mizinda monga Lusaka, Ndola ndi Kitwe. Kalabu yotere inali kukhala ndi tindeke tating'ono ta anthu awiri, nyumba yosungiramo ndi mphunzitsi. Wophunzira anali kukhala pamodzi ndi mphunzitsiyo maola angapo, mpaka tsiku lomulola kuuluka yekha. Mwana wa m'dziko muno anali kuchera udzu, kuthira mafuta ndi kukankha ndeke, koma mpando wa woyendetsa unali kutali naye, cifukwa ca tsankho ndi kukwera mtengo kwa maphunziro.

Mu 1946 panakhazikitsidwa Central African Airways. M'zaka za m'ma 1950 kampaniyi inagula ndeke za ku Canada zochedwa Beaver, za injini imodzi, zonyamula anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi. Ubwino wa Beaver unali wakuti inali kutera ndi kunyamuka pa bwalo lalifupi lopanda phula, ndipo inatumikira midzi ya ku Barotseland ndi ya ku Nyasaland. Ufulu utabwera mu 1964, dziko linakhala ndi Zambia Airways, imene inaima payokha mu 1967, ndipo ana a Zambia anaphunzira kuyendetsa ndeke zake. Kampaniyo inagwa mu 1994.

Kwa munthu wa kumudzi, cinthu cacikulu cinacitika mu 1965, pamene Dr James Lawless anayambitsa Zambia Flying Doctor Service ku Ndola. Apa ndeke inasiya kukhala ya mabwana okha. Inayamba kutula madotolo ndi anamwino kumadera akutali, ndi kunyamula odwala kwakayakaya kupita nao ku zipatala zazikulu. Mtunda umene galimoto imayenda maola angapo kucokera ku Lundazi kukafika ku Chipata, ndeke yaing'ono imaudula pa ola limodzi losakwana. Kwa mai wobvutika pobereka, kapena munthu wobvulala pa ngozi, kusiyana kumeneku ndi moyo.

Koma ndeke simatera paliponse. Woyendetsa asanatsike amayamba wazungulira, kuyang'ana kansalu kooneka ngati thumba kamene kamasonyeza kolowera mphepo, cifukwa ndeke imatera moyang'anana ndi mphepo kuti iime msanga. Akaona ng'ombe, mbuzi kapena ana pabwalo, satsika. Kaculu kakang'ono kobisika mu udzu, dzenje lokumba osaka mbewa, kapena kanjira ka njinga kokokoloka ndi mvula, zingathyole mwendo wa ndeke imene ikuthamanga kuposa galimoto. Bwalo lotere likalekereredwa dzinja limodzi kapena awiri, limabwerera kukhala chire.

Cotero nkhani ya bwalo ikhudza aliyense wogula ndi wogulitsa pamsika wa Lundazi, ngakhale amene sadzakwerapo ndeke moyo wake wonse. Mutu umodzi susenza denga. A khonsolo ndi a boma ali ndi mbali yao, koma abusa a ng'ombe, olima m'mphepete ndi makolo a ana osewera ali nayonso yao. Mafumu ndi nyakwawa acita bwino kukumbutsa anthu ao kuti pabwalo la ndeke sadyetsapo ziweto, salimapo, sadulirapo njira ndipo sakumbapo mbewa. Makolo a mu 1919 anasalaza mabwalo ndi makasu kuti pauluke alendo. A lero akasunga bwalo, akusungira odwala a m'nyumba zao.