Kuona Maso a Nkhono

Bambo athu adatisiya mu 2009, ndipo chithunzi chawo chimene tili nacho ndi chimodzi chokha. Adachijambulitsa mu situdiyo ina ku Limbe asanakwatire, ataima chilili ngati msilikali, dzanja lili pampando, kumbuyo kwawo kuli nsalu yojambulidwa mapiri. Chithunzicho tsopano chidafiira, m'mbali mwake njenjete zidalawa, ndipo adzukulu akachiona amafunsa kuti mnyamata ameneyu ndani. Nkhope imene ife tidaidziwa, ya imvi ndi makwinya, idapita nawo kumanda. Tsono titaona kuti amayi nawonso mphamvu zayamba kuwachepera, tidatsimikiza mumtima kuti kulakwa kotereku kusachitikenso. Apa ndi pamene padachokera maganizo ogula kamera.

Ena mwa inu owerenga mufunsa kuti, nanga foni ya m'manja sijambula kodi? Imajambula ndithu. Komatu zithunzi zathu za pafoni zidapita zonse tsiku limodzi pamene foniyo idasowa m'basi, ndiponso ife tinkafuna chithunzi chachikulu, choyenera kupachika pakhoma. Motero tidasunga ndalama zaka ziwiri, tikumadzimana izi ndi izo, mpaka mlamu wathu wogwira ntchito ku Johannesburg adatigulira Nikon D7500, kamera imene idatuluka mu 2017. Adabwera nayo pa Khirisimasi ya 2018. Usiku umenewo tulo sitidatione. Tidangokhala n'kumaisisita, tikuganiza kuti popeza chida chafika, luso nalonso lafika.

Makamera a mtundu umenewu amatchulidwa ndi zilembo zinayi, DSLR, ndipo kagwiridwe kake ka ntchito n'kosangalatsa kukadziwa. Kuwala kukalowa pa lenzi kumagunda kalilole wopendekeka amene ali m'kati. Kaliloleyo amakutumiza m'mwamba, ku galasi la mbali zisanu, ndipo galasilo limakufikitsa ku diso la wojambula. Chotero chimene diso likuona ndi chomwecho chimene lenzi ikuona. Munthu akadina batani, kalilole amadumphira m'mwamba, kachitseko kotchedwa shutter kamatseguka, kuwala n'kugwera pa sensa, imene idalowa m'malo mwa filimu. Phokoso lija timamva kamera ikamajambula ndi la zinthu ziwirizi.

Nzeru zimenezi zachokera kutali. Mu 1975 Steven Sasson, wogwira ntchito ku kampani ya Kodak ku America, adapanga kamera yoyamba ya dijito yonyamulika m'manja, yosafuna filimu. Inkalemera makilogalamu 3.6, chithunzi chake chidali cha timadontho 10,000 tokha, ndipo kuti chilembedwe pa kaseti pankapita masekondi 23. Mu 1991 kampani yomweyo idayamba kugulitsa kamera ya timadontho 1.3 miliyoni yomangidwa pa thupi la Nikon F3, ndipo mu 1999 kudabwera Nikon D1 ya timadontho 2.7 miliyoni. Yathuyi ili ndi timadontho 20.9 miliyoni, ndipo itha kujambula zithunzi 8 pa sekondi imodzi. Masiku ano makampani aakulu adatembenukira ku makamera opanda kalilole, koma zimenezo sizichotsa kanthu pa mphamvu za chida tidali nacho m'manjachi. Vuto lidali mwini wake.

Manyazi athu adadza mu Ogasiti 2019, pa ukwati wa mphwathu. Abale ataona kamera yaikulu pakhosi pathu adati palibe chifukwa cholipirira wojambula wina, ndipo ife, mwa kunyada, tidavomera. Buku la malangizo tidali titangoliwerenga masamba oyamba. Tidaika kamera pa Auto, kuti idzisankhire yokha zonse, n'kumangodina kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Zithunzi zidakwana 900. Titaziona pa kompyuta usiku, mtima udatigwa. Za m'tchalitchi, m'mene tidazimitsa fulashi posafuna kusokoneza mwambo, zidali zachimbuuzi, anthu ngati mizukwa. Za panja, zojambulidwa dzuwa lili paliwombo patsogolo pa khoma la njereza, zidaonetsa diresi loyera bwino lomwe, koma nkhope ya mkwatibwi idali mdima wokhawokha. Pa zina kamera idalunjika pa maluwa, nkhope za eni ukwati n'kuzisiya zosaoneka. Ukwati sabwereza. Mpaka lero banja lija lili ndi zithunzi zowerengeka za tsiku lawo lalikulu, ndipo wolakwa ndi ife. Akuluakulu adanenetsa kuti safunsa adadya phula.

Phulalo titalidya, tidakafunsa. Pafupi ndi msika wa kwathu pamakhala mkulu wina amene pa unyamata wake ankayendayenda pa njinga m'midzi ndi m'masukulu, kamera ya filimu ili paphewa. Mafilimu ankawatumiza ku Blantyre kukatsukitsa, ndipo eni zithunzi ankadikira masabata awiri. Mkuluyu adayang'ana zithunzi zathu mosafulumira, kenaka adafunsa kuti, "Bambo, mudajambula 900, koma mudaona zingati?" Ife tidasowa choyankha. Iwo adapitiriza kuti, "Filimu yanga inkalola zithunzi 24 kapena 36 basi, ndipo chilichonse chidali ndalama. Ndisanadine ndinkayamba ndaona kumene kuwala kukuchokera, chimene chili kumbuyo kwa munthu, ndi nkhope yake. Inu kamera yanu ndi yolemera, ndiye yakuchititsani ulesi."

Adatikumbutsanso za kalilole uja. Pa nthawi yeniyeni imene chithunzi chikujambulidwa, kalilole amakhala atadumpha, ndipo diso la wojambula limaona mdima. Kamphindi kamene munthu wakagwira, iye mwini sadakaone. Choncho kuona konse kuyenera kuchitika chala chisanadine.

Kuchokera pamenepo tidakhala ana a sukulu. Tidaphunzira kuti chithunzi chimaima pa mafuwa atatu. Loyamba ndi kukula kwa bowo lolowera kuwala m'kati mwa lenzi. Chosokoneza n'chakuti nambala yaing'ono, monga f/1.8, ndiye bowo lalikulu, pamene f/16 ndi kabowo kakang'ono. Bowo lalikulu limaonetsa bwino munthu yekhayo, za kumbuyo kwake n'kuzifewetsa. Laling'ono limaonetsa zapafupi ndi zakutali zomwe. Fuwa lachiwiri ndi nthawi imene kachitseko kamakhala kotsegula. Kamera yathu itha kutsegula kwa masekondi 30, kapena kwa gawo limodzi mwa magawo 8,000 a sekondi. M'tchalitchi muja, chifukwa cha mdima, inkatsegula nthawi yaitali, mwakuti aliyense wosuntha adasanduka chimbuuzi. Pa 1/250 munthu woyenda amaoneka ngati waima. Fuwa lachitatu ndi ISO, ndiye kuti kuchuluka kwa mphamvu imene kamera imawonjezera pa kuwala kumene kwafika pa sensa. Padzuwa 100 imakwanira, m'nyumba ya mdima pamafunika 3200 kapena kuposerapo, koma ikakwera kwambiri chithunzi chimaoneka ngati achiwaza mchenga. Mukasuntha fuwa limodzi, enawo nawonso ayenera kusuntha, apo ayi mphika upendekeka.

Tidamvetsanso chimene chidadetsa nkhope ya mkwatibwi, ndipo ichi ndi chofunika kwambiri kwa ife a khungu lakuda okhala m'dziko la dzuwa lowala. Choyezera kuwala cha m'kamera sichidziwa diresi kapena nkhope. Chimayesa kuti zonse zili patsogolo pake, zikasakanizidwa, n'zotuwa ngati phulusa. Tsono chikaona diresi loyera ndi khoma la njereza chimati kuwala kwachuluka, n'kuchepetsa, ndipo wovutika amakhala munthu wa nkhope yakuda. Mankhwala ake ndi osavuta: kuuza kamera kuti iyeze kuwala pankhope penipeni, kapena kuwonjezera kuwala ndi sitepe imodzi, kapenanso, chimene chiposa zonse, kumusunthira munthuyo pamthunzi. Chimodzimodzinso malo 51 olunjikitsira amene kamerayi ili nawo: mukaisiya isankhe yokha imakonda kugwira chinthu chapafupi, koma mukasankha nokha malo amodzi n'kuwaika pa diso la munthu, nkhope imatuluka bwino.

Kwa miyezi iwiri tidadziikira lamulo lakuti tsiku limodzi tisapyole zithunzi 36. Tidajambula nkhuku, ndowa ya madzi, nyali ya koloboyi, ndi ana obwera kusukulu, mpaka zala zidayamba kupeza mabatani popanda maso kuyang'ana. Tidagulanso lenzi yaing'ono ya mamilimita 50, yosatha kukokera zinthu pafupi, imene imakakamiza wojambula kuyenda ndi miyendo yake. Fumbi nalo lidatiphunzitsa kuti lenzi sasinthira pabwalo m'nyengo ya chilimwe, pakuti kachitsotso kamodzi kakagwera pa sensa kamaoneka pa chithunzi chilichonse.

Kumapeto kwa Okutobala tidapita kumudzi ku Ntcheu. Amayi atamva chimene tadzera adalowa m'nyumba, natuluka atavala chitenje chawo chosungira m'bokosi ndi mpango watsopano. Adaima chilili, milomo atatseka, monga momwe bambo adaimira ku Limbe kuja. Tidawajambula momwemo, pakuti umenewo ndi ulemu wawo, ndipo munthu ali ndi ufulu wosankha m'mene afuna kukumbukiridwa. Pambuyo pake tidawapempha kuti, "Amayi, kodi mungatilole tikujambuleninso madzulo, mukugwira ntchito zanu?" Iwo adaseka nati, "Ndi zovala za kumundazi, mwana wanga? Chabwino, jambula."

Dzuwa litapendeka adakhala pakhonde, lichero lili pamiyendo, akuswa mtedza. Kuwala kunkalowa cham'mbali, kofewa, kukuonetsa khwinya lililonse. Ife tidakhala pansi chapafupi, kamera titaikonzeratu, n'kumacheza nawo za mvula ndi za mbewu. Padapita pafupifupi ola lathunthu tisanadine. Chala chinkayabwa, koma tidakumbukira kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Kenaka kamdzukulu kena kadafunsa ngati agogo nawonso adakhalapo mwana. Amayi adadzutsa mutu naseka, maso akuwala, dzanja lili m'lichero. Tidadina katatu, basi.

Chithunzi chokhala pa kadi chili ngati ufa wa m'thumba lobooka, chifukwa kadi imatha kuwonongeka kapena kutayika. Motero tidasunga zithunzizo malo awiri, ndipo chimodzi mwa zitatu zija tidakachisindikizitsa papepala lalikulu m'tauni. Titabwerera nacho kumudzi, amayi adapukuta manja pachitenje, nachilandira ndi manja awiri. Adachiyang'ana nthawi yaitali osalankhula. Ife tidaopa kuti mwina makwinya awakhumudwitsa. Potsiriza adati, "Awatu ndi amayi anga. Iwo sadajambulidwepo, ndipo ine ndinkayesa kuti nkhope yawo ndidaiiwala." Adatiuza kuti tichipachike pafupi ndi cha bambo, ndipo ndi pomwe chili.

Kwa inu amene mukusunga ndalama kuti mugule kamera yotereyi, sitikukuletsani, pakuti ndi chida chabwino ndithu. Tingokupemphani kuti musungenso nthawi yoiphunzira, mufunse amene adayamba kale, ndipo musalandire ntchito ya ukwati wa mnzanu musanajambule nkhuku zanu. Ndipo ngati kwanu kuli nkhalamba, musadikire chaka cha mawa. Pitani mukakhale nawo pakhonde, muyambe mwawaona, kenaka mujambule.