Za Mabawuti a Galimoto Yakale

Munthu akafuna kudzutsa galimoto yakale, maso ake amathamangira ku injini ndi ku utoto, naiwala tizitsulo timene tigwirizitsa thupi lonse. Ife a banja lino tatha zirimwe ziwiri tikukonza Land Rover imene anatisiyira agogo athu, ya mtundu woyamba uja umene anayamba kupanga ku Solihull m'chaka cha 1948. Ndipo chimene chatidyera masiku ambiri ndicho mabawuti ndi manati.

Pakuti mabawuti ali ndi mitundu yao monga anthu. M'chaka cha 1841 Joseph Whitworth wa ku England anaika muyeso wa mazinga a bawuti, opendeka madigiri 55. Ndipo pambuyo pake panaonjezedwa wina wa mazinga othithikana, wochedwa BSF. Mitundu iwiriyi ndiyo yochuluka pa galimoto yathu. Koma mu 1949 maiko a Britain, America ndi Canada anapangana muyeso watsopano wa madigiri 60. Ndipo mabawuti a mamilimita, amene adzaza m'masitolo a ku Mponela ndi ku Madisi, ali ndi muyeso waonso.

Tsono taonani pamene pabisala ngozi. Bawuti ya BSF yonenepa 5/16 ya inchi iri ndi mazinga 22 pa inchi imodzi; inzake ya pangano la 1949, yochedwa UNF, iri ndi 24; ya mamilimita 8 iri ndi 20 ndi kakang'ono. Poziyang'ana ndi maso ziri ngati ana a mimba imodzi. Nati yachilendo imalowa kawiri kapena katatu, ndipo imauma. Munthu wofulumira amaikakamiza ndi sipanala, nakondwa kuti yagwira, osadziwa kuti wadya mazinga onse. Manati otere tinawapeza pa zitsulo za chiongolero, oikidwa kale ndi mmisiri wina. Ndipo pamene panayenera pini yotsekera nati, panali msomali wa denga wopindika.

Ku dambo chinthu chotere chikhoza kukhala zaka osaoneka. Koma kwathu kuno ndi kumapiri. Amene anatsikapo mtsetse wa ku Mvera polinga ku Salima, kapena kukwera njira ya ku nkhalango ya Ntchisi nyengo ya dzinja, adziwa mmene galimoto igwedezekera. Nati yopanda mazinga imamasuka pang'onopang'ono, ndipo tsiku lakugwa kwake m'galimotomo muli amai, ana ndi matumba a chimanga.

Chifukwa chake mwambo wathu ndi uwu. Bawuti iriyonse imene tamasula timaiviika m'parafini, kuitsuka dzimbiri, ndi kuisunga m'chitini cholembedwa malo ake. Imene yatha sitiitaya msanga. Timapita nayo kwa wogulitsa, tiwerenge mazinga ake pamodzi, pakuti safunsa adadya phula. Nati yoyenera imayenda ndi zala zokha kufikira pothera; sipanala ndi yomangira potsiriza. Masipanala a Whitworth tinawafuna padera, chifukwa a mamilimita amaterereka ndi kudya ngodya za mutu. Ndipo pa mabuleki, pa chiongolero ndi pa magudumu sitiika bawuti imene sitidziwa kulimba kwake. Zamakono zolimba zimakhala ndi chizindikiro pamutu, monga 8.8, zopanda chizindikiro zikagwire chitseko cha khola. Zikasowa ku Lilongwe, za BSF zikali kugulitsidwa ku England, ndipo kudikira mwezi si tsoka.

Anzathu amatiseka, nati galimoto ikanayenda kale. Zoonadi ikanayenda; koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Inu atate amene muli ndi galimoto yakale kuseri kwa nyumba, musanagule utoto, itanani mwana wanu, mumpatse bawuti ndi nati m'manja, aphunzire kuwerenga mazinga. Tsalani bwino kufikira mwezi wa mawa.